Mtima kufooka kawiri popanda chodzidzimutsa: kodi gwero lili pamwamba pa impso?

Mayi wina wandilembera imelo yofunsa za mng'ono wawo wa zaka 36, amene wagonekedwa kawiri m'chipatala ndi ululu wa pachifuwa. Madokotala atapeza kuti mitsempha ya mtima sinatsekeke, anati ndi matenda a Takotsubo, obwera chifukwa cha nkhawa. Mayiwa akudabwa kuti ndi nkhawa iti, popeza panalibe maliro kapena vuto lililonse pakhomo.

Mayi, kudabwa kwanu n'komveka. Matendawa, amene madokotala a ku Japan anawafotokoza koyamba mu 1990, amagwira munthu pamene mahomoni a adrenaline ndi noradrenaline achuluka mwadzidzidzi m'magazi, mpaka chipinda chakumanzere cha mtima kulephera kupopa bwino ndi kufufuma kunsi kwake. Ambiri odwala ndi amayi amene anasiya kale msambo, choncho matendawa akagwira munthu wa zaka zochepa, ndiponso kawiri, sikokwanira kungomuuza kuti achepetse maganizo.

Mahomoni amenewa amapangidwa ndi tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal, tokhala pamwamba pa impso. Nthawi zina mkati mwake mumamera chotupa chotchedwa pheochromocytoma, chimene chimatulutsa mahomoniwa mochuluka ngakhale munthu atangokhala pampando osaganiza kanthu. Chotupachi n'chosowa, ndiye chifukwa chake chimaiwalika. Mufunseni mng'ono wanu ngati amagwidwa ndi mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi, thukuta lonyowetsa malaya, mtima kugunda kwambiri ndi nkhope kutuwa, kenako zonse n'kutha patapita kanthawi. BP imakwera kwambiri nthawi imeneyo, koma pofika kuchipatala imatha kupezeka ili bwinobwino, n'chifukwa chake ndi bwino kuiyeza vutolo likamachitika ndi kulemba manambala ake.

Pemphani dokotala kuti ayeze metanephrine (zotsalira za mahomoni aja thupi likawaphwanya) m'magazi kapena mu mkodzo wosonkhanitsidwa kwa maola 24, ndipo akapezeka wokwera, sikani yojambula m'thupi ya CT kapena MRI idzaonetsa pamene pali chotupa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala: beta blocker (mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima) monga propranolol akaperekedwa yekha kwa munthu wa chotupachi, BP imatha kukwera moopsa, ndipo metoclopramide woletsa kusanza amathanso kuputa vutolo. Madokotala amayamba ndi alpha blocker (mankhwala omasula mitsempha ya magazi) monga doxazosin kwa masiku 7 mpaka 14, kenako amachotsa chotupacho ndi opaleshoni. Komabe mng'ono wanu asasiye mankhwala aliwonse asanaonane ndi dokotala.

Chotupa chikatsimikizika, inunso mufunse za kuyezedwa, chifukwa pafupifupi odwala mmodzi mwa atatu aliwonse vutoli limakhala la kumtundu.