Nyumba inali ya bwana, ntchito inali ya banja lonse

Mayi wina amene akugwira ntchito ku Aberdeen, mzinda wa ku Scotland, wandilembera imelo. Akuti akamadutsa kumidzi ya ku Scotland amaona tinyumba tamiyala tondondozana pafupi ndi mafamu, ndiye akufunsa kuti munkakhala ndani, nanga moyo wawo unali ngati wa matenanti a fodya kwathu kuno?

Amayi, kufananako kulipo ndithu, ndipo nkhani yagona pa nyumbayo. M'nthawi ya Mfumukazi Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901, munkakhala mabanja a antchito a pafamu, anthu opanda munda wawowawo. Nyumba inkabwera ndi ntchito, ntchito ikatha nyumbanso yatha.

Kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala, m'matauni munkachitika msika wolembera antchito, wotchedwa feeing market. Abambo, atsikana ndi anyamata ankaima mumsewu, eni mafamu n'kumayendayenda, kufunsa ndi kunenerera malipiro. Akagwirizana, bwana ankapereka kandalama kachitsulo ngati chikole. Wosakwatira ankalembedwa miyezi 6, wabanja chaka chathunthu. Ndalama yeniyeni inali yochepa, mbali ina ya malipiro inali ufa wa oats (mbewu yofanana ndi tirigu), mbatatesi, mkaka ndi malasha.

Chimene chimandipweteka mtima ndi cha amayi. Kummwera chakummawa, m'maboma ngati Berwickshire, Roxburghshire ndi East Lothian, bambo wolima ndi akavalo sankapatsidwa nyumba pokhapokha abweretse mkazi wogwira ntchito kumunda, yemwe ankamutcha bondager. Amene anali ndi mwana wamkazi wosinkhuka, ndiye yemweyo. Amene analibe ankalemba mtsikana wachilendo, n'kumamudyetsa ndi kumugoneka m'kanyumba ka chipinda chimodzi kapena ziwiri kodzaza kale ndi ana. Atsikanawa ankapalira ndi kuzula ma turnip odyetsa ziweto, kumwaza manyowa, kukolola, chisanu chikuluma zala, koma ankalandira pafupifupi theka la malipiro a mwamuna. Mkazi wa bamboyo nayenso ankakakolola, thukuta lakelo n'kukhala lendi ya nyumba.

Kumpoto chakummawa, kumene muliko inuko, anyamata osakwatira ankagona m'kachipinda kapamwamba pa khola la akavalo n'kumadyera kukhitchini ya bwana. Ku Angus ndi ku Perthshire ankakhala m'chinyumba chotchedwa bothy, namadziphikira okha. Kuphika kwake kunali kuthira madzi owira ndi mchere mu ufa wa oats m'mbale yamtengo, kuvundula, kuthirapo mkaka, basi. Ankadzuka cha m'ma 5 koloko kudyetsa akavalo iwo asanalawe kanthu, ndipo katundu wa munthu yense ankakwana m'bokosi limodzi lamatabwa.

Kumapeto kwa Meyi misewu inkadzaza ngolo zosenza mipando, miphika, zofunda ndi ana pamwamba pake, mabanja akusamukira kwa bwana watsopano. Ena amati anali anthu osakhazikika. Ine sindikuvomereza, pakuti kuchoka ndiyo inali mphamvu yaikulu imene wantchito anali nayo pa bwana wankhanza kapena nyumba yodontha. Koma ana ndi amene ankavutika nazo. Lamulo la 1872 linakakamiza ana a zaka 5 mpaka 13 kupita kusukulu, komabe mwana wosintha sukulu chaka ndi chaka, wojombanso nthawi yokumba mbatatesi, ankatsalira m'mbuyo. Ambiri atakula sanafunenso kukaima pamsika uja, analowera ku Glasgow, ena ku Canada ndi ku New Zealand.