Kodi sepsis yotengera m'chipatala imapha kuposa yochokera kunyumba?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo yofotokoza kuti bambo ake anagonekedwa m'chipatala china kuti akachitidwe opareshoni ya m'matumbo. Opareshoniyo inayenda bwino, koma patapita masiku asanu bambowo anayamba kutentha thupi, kupuma mothamanga komanso kuyankhula zosamveka, ndipo madokotala anati ndi sepsis yomwe anaitengera m'chipatala momwemo. Mayiyu akufunsa ngati anthu otere amachira, komanso ngati n'zoona kuti sepsis yotengera m'chipatala ndi yoopsa kuposa imene munthu amabwera nayo kuchokera kunyumba.

Mayi, ambiri amachira ndithu, koma zimene mwamvazo n'zoona. Sepsis imachitika pamene thupi, polimbana ndi tizilombo, layamba kuvulaza ziwalo zake zomwe, mwakuti BP imatsika, impso zimasiya kupanga mkodzo wokwanira, mapapo amafooka ndipo mutu umasokonekera. Achipatala amati matenda ndi otengera m'chipatala akaonekera patadutsa maola 48 kapena kuposerapo chigonekedwere wodwalayo. Tizilombo timalowera pa bala la opareshoni, pa kanula wa diripi, m'paipi ya mkodzo kapena m'makina othandizira kupuma, ndipo kawirikawiri timafika pamenepo titakwera pa manja a munthu.

Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la mu 2022 linanena kuti m'mayiko osauka ndi apakati, odwala 15 mwa 100 alionse ogonekedwa amatenga matenda ena m'chipatala, pamene m'mayiko olemera ndi 7. Mwa odwala sepsis yotengera m'chipatala, pafupifupi 24 mwa 100 alionse amamwalira, ndipo kwa amene afika ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, chiwerengerochi chimapitirira theka. Kunena kwina, tikawerenga odwala onse pamodzi, osati a ku ICU okha, pafupifupi atatu mwa anayi alionse amatuluka amoyo. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse lapansi, choncho amene angakuuzeni za bambo anu ndi dokotala amene akuona impso zawo ndi kupuma kwawo tsiku ndi tsiku.

Chifukwa choyamba chimene sepsis imeneyi imaphera kwambiri n'chosavuta kumva: imagwira munthu amene wafooka kale ndi opareshoni, shuga, khansa, HIV kapena ukalamba, ngakhalenso khanda lobadwa masiku asanakwane. Chifukwa chachiwiri, chakuti tizilombo tambiri sitikumvanso mankhwala, ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo umboni wake unapezeka kuno ku Blantyre komwe. Kuyambira mu 1998, akafukufuku a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza tizilombo topezeka m'magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2017 zinasonyeza kuti mu 2003, mwa tizilombo ta Klebsiella 100 tilitonse, pafupifupi 12 ndi timene sitinkamva mankhwala a m'gulu la ceftriaxone, koma pofika mu 2016 tinali titakwana 90. Kwa tizilombo tina totchedwa E. coli, chiwerengerochi chinachoka pa kosakwana 1 n'kufika pa 30. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu zimadalira kwambiri munthu akadwala mwakayakaya, ndipo Klebsiella ndi kachilombo kamene kamakonda kufala m'mawodi.

Taganizirani zimene zimachitika pabedi la wodwala. Dokotala amatenga magazi n'kuwatumiza ku labotale, koma kuti tizilombo timere n'kudziwika mankhwala amene angatiphe, pamadutsa masiku awiri kapena atatu. Sepsis siidikira zimenezo, choncho dokotala amayamba ndi mankhwala amene ali nawo, ndipo ngati kachilomboko sikakuwamva, wodwala amakhala ngati sakulandira chilichonse m'masiku amene ndi ofunika kwambiri pa moyo wake. Mankhwala amphamvu monga meropenem alipo koma ndi okwera mtengo ndipo sapezeka nthawi zonse, pamene amikacin amafuna kusamala chifukwa amatha kuvulaza impso zimene sepsis yazifooketsa kale. Ifenso tili ndi mbali yathu pa vutoli, pakuti makapisozi amene timagula popanda dokotala n'kumwa masiku awiri okha amathandiza tizilombo kuzolowera mankhwala.

Mwina mumtima mukufunsa ngati wina analakwitsa. Nthawi zina kusasamala kumakhalapo, komabe wodi yodzaza, namwino mmodzi wosamalira odwala ambirimbiri ndi mpope umene wasiya kutuluka madzi zimabweretsa matendawa ngakhale aliyense akuyesetsa. WHO imati kusamba m'manja ndi njira zina zopewera matenda zingachepetse matenda otengera m'chipatala ndi 70 mwa 100 alionse, ndipo manja amenewo ndi a dokotala, a namwino komanso anu amene mukudikirira wodwala.

Inu gadiyani ndinu amene mumakhala pambali pa bedi usiku wonse, choncho ndinu oyamba kuona kusintha. Muziyang'ana pamene pali kanula ngati patupa, pafiira kapena pakutuluka mafinya, muziona ngati thumba la mkodzo likulowa mkodzo monga dzulo, ndipo bambo akayamba kuwodzera mosadzutsika, kuzizira manja kapena kukusokonezani ndi munthu wina, itanani namwino nthawi yomweyo osadikira kuti madokotala adzazungulire m'mawa. Si mwano kufunsa mwaulemu ngati magazi anatengedwa kukayezedwa tizilombo, ngati zotsatira zabwera, ndiponso ngati paipi ya mkodzo ikufunikabe, chifukwa tsiku lililonse limene paipiyo yakhalitsa limawonjezera mpata wa matenda. Ngati m'mimba mwasonkhana mafinya, madokotala angafunike kutsegulanso balalo kuti awachotse, ndipo musadabwe nazo, pakuti mankhwala okha sakwanitsa pamene gwero la tizilombo likadali m'thupi.

Akatuluka m'chipatala, musayembekezere kuti abwerera mwakale msanga. Anthu ambiri amene apulumuka sepsis amakhala ofooka kwa miyezi ingapo, ena amaiwalaiwala kapena kusowa tulo, ndipo ena amagonekedwanso m'miyezi yoyambirira chifukwa cha matenda atsopano kapena vuto la impso. Sungani bwino buku lawo la kuchipatala, pemphani kuti alembemo dzina la kachilombo kamene kanapezeka ndi mankhwala amene anagwira ntchito, ndipo akadzatenthanso thupi muwatengere kuchipatala tsiku lomwelo ndi bukulo m'manja.