Dayamondi wa magazi kapena wa mwazi?

Funso: Aphunzitsi, ndikulemba nkhani ya mgwirizano wa Kimberley, uja woletsa malonda a dayamondi amene ndalama zake zimagulira mfuti zomenyera nkhondo. Ine ndalemba kuti "dayamondi wa magazi", koma mkonzi wanga akuti ndi "wa mwazi". Akulondola ndani?

Yankho: Akulondola ndi akonziwo, ndipo mukawapatse moni wanga. Masiku ano ambiri amangoti magazi ndi mwazi n'chimodzimodzi, zomwe zimandiwawa. Ndili mwana, ukadzicheka ndi mpeni agogo ankati, "Bwera kuno, magazi akutuluka." Koma kukamveka kuti munthu waphedwa, ankatsitsa mawu n'kunena kuti, "Akhetsa mwazi." Magazi amayezedwa kuchipatala, amaperekedwa kwa wodwala, akadontha timatsuka ndi madzi. Mwazi umayenda ndi mlandu, umakhala pamutu pa munthu.

Taganizani za Sierra Leone pakati pa 1991 ndi 2002. Zigawenga za gulu la Revolutionary United Front (RUF) zinkadula anthu manja ndi zikwanje, uku zikukumbitsa miyala m'boma la Kono n'kumaigulitsa kudzera ku Liberia. Mwala umenewo ukamadzafika pa mphete ya ukwati umakhala uli mbee, wopanda ngakhale dontho la magazi. Koma mwazi wa anthu aja uli pomwepo.

Kalembedwe kanu ka "dayamondi" ndakakonda. Ena amalemba "daimondi", koma pakamwa pa Mchewa pamafuna y pamenepo. Gwero lake lenileni ndi Chigiriki, adamas, kutanthauza chinthu chosagonjetseka. Chonde musalembe "madayamondi". Akachuluka timati miyala ya dayamondi.

Tsono chenjerani apa. Mayiko atakumana ku Kimberley, ku South Africa, mu 2000, n'kuyamba kupereka ziphaso zololeza kugulitsa dayamondi kunja mu 2003, anagwirizana tanthauzo lopapatiza kwambiri: dayamondi wosasema amene zigawenga zimagulitsa pofuna kugwetsa boma lovomerezeka, monga inkachitira UNITA ya Jonas Savimbi ku Angola. Wopha akakhala boma lenilenilo, tanthauzoli silimukhudza. Ku Marange, ku Zimbabwe, asilikali a boma anapha anthu okumba miyala mu 2008, koma patapita nthawi dayamondi wa kumeneko analoledwa kugulitsidwa ndi chiphaso. Bungwe la Global Witness, lomwe linathandiza kuyambitsa mgwirizanowu, linatulukamo mu 2011, ndipo nkhani ya Marange inali chimodzi mwa zifukwa zake.

Choncho pomwe mukufotokoza zomwe mgwirizanowu umaletsa, lembani motalika kuti "dayamondi wothandizira nkhondo ya zigawenga". Mukalemba "wa mwazi" pamenepo, owerenga aziganiza kuti chiphaso chimatchinga mwala uliwonse womwe anthu anafera, pomwe sichitero. Mawu a akonzi anu muwasungire ndime zomwe mukukamba za anthu a ku Kono ndi a ku Marange omwe.