Funsani Azakhali: Kodi zonse zinalembedwa kale?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 22, ndimakhala kufupi ndi Chia ku Nkhotakota. Bambo anatisiya ndili Fomu 2, ndipo amalume, omwe ali ndi ukonde wa chilimira ndi boti la injini, ndiwo anandilipirira fizi mpaka Fomu 4. MSCE ndinakhoza ndi mapointi 28 koma ku yunivesite sananditenge. Pano amalume akuti ndilowe m'gulu la alovi awo, anyamata okoka ukonde, kenako ndiphunzire usiginala, ntchito yosaka nsomba ndi nyali n'kutsogolera alovi, ati kwathu kuno mwamuna ndi wa panyanja. Ine mtima wanga uli pa zokonza injini. Ndikadandaula, amayi amati, "Zinalembedwa, ungolandira." Kutchalitchi amatero, anzanga a kumzikiti amateronso. Kodi munthu ali ndi chosankha pa moyo wake, kapena ndikungodzivutitsa?

Wothedwa nzeru, Nkhotakota

Mwanawe,

Amayi ako sakunama. Imfa ya bambo ako sunaisankhe, chakudza sichiimba ng'oma. Sunasankhenso kubadwira m'mbali mwa nyanja, m'nyumba yodalira usipa. Ndipo mayi amene anaika mwamuna wake m'manda ana akadali pasukulu, mawu oti "zinalembedwa" ndi amene ankamugonetsa tulo usiku. Usawalande mawu amenewo, ndipo usawayankhe mwachipongwe.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mawu omwewa timaphimbira nawo zinthu zimene analemba ndi anthu anzathu. Ndinakulira ku Lifuwu ku Salima, kwa alimi a mpunga. Mkulu wanga anali ndi mutu wa masamu: ogula mpunga akamatulutsa pepala ndi cholembera, iye amakhala atawonkhetsa kale matumba ndi ndalama zake pamtima. Anasiyira Sitandade 3 chifukwa ndalama ya fizi inkakwanira mwana mmodzi, ndipo inapita kwa mlongo wathu. Agogo ankati sukulu sinali yake. Koma mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana asukulu anachoka pa 2 miliyoni osakwana n'kufika cha m'ma 3 miliyoni, ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Atsikana ngati mkulu wanga anadzaza makalasi. Chimene chinamutsekera chitseko sichinachokere kumwamba ayi, linali lamulo la anthu, ndipo anthu omwewo analifufuta. Kungoti kwa iye kunali kutachedwa, anali kale ndi ana pamsana.

Za yunivesite n'chimodzimodzi. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza chaka chilichonse. Kusiyidwa kwako sikukutanthauza kuti mutu wako ndi wa ukonde basi.

Asodzi anzako amadziwa zimenezi kuposa ine. Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, akanatha kungoti nsomba zikatha ndiye kuti zinalembedwa. M'malo mwake, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu ndi asodzi amatseka chilumbacho kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo kuti utaka uswane, ndipo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa kumeneko. Mwera saulamula, koma tsiku loponya ukonde amapangana okha.

Tsopano za amalume. Ngongole yako kwa iwo ndi yeniyeni, ndipo ndikukupempha kuti usathawe usiku kupita ku Lilongwe kapena ku Joni ngati kuti anakulakwira. Dzifunse chifukwa chake akukufuna m'boti. Mwini chilimira amagona mtima uli m'mwamba, chifukwa alovi amabwera n'kupita, ena amagulitsiratu nsomba panyanja pomwepo boti lisanafike padoko. Akufuna mwana wa mlongo wawo, munthu woti amukhulupirire. Chimenecho n'chifukwa chomveka, koma ndi maganizo a munthu, ndipo maganizo a munthu amakambidwa pamphasa.

Uli ndi mfundo imene mwina sunaione. Injini ikafa, boti limakhala pagombe, alovi onse osapeza ya ndiwo, makaniko akudikiridwa masiku, akabwera atchula mtengo wake umene akufuna. Kawafunse amalume kuti chaka chathachi anataya zingati pa injiniyo. Usapite wekha, tengana ndi amayi, ndipo sankha masiku amene mwezi ukuwala, asodzi a usipa akupuma, osati m'mamawa akuchokera kunyanja maso ali psuu.

Ukawauze kuti uwagwirira nyengo imodzi monga mlovi, ndi mtima wonse, gawo lako uzisunga. TEVETA ikalengeza malo m'masukulu a ntchito zamanja, ulembere. Salima Technical College ili ku Senga Bay, m'mbali mwa nyanja yomweyi, ndipo setifiketi yako ya MSCE ikugwira ntchito pamenepo. Sindikukulonjeza kuti akutenga, chifukwa kumenekonso ofuna malo ndi ambiri. Akakusiya, padoko pali amakaniko amene anaphunzira pogwira sipanala pambali pa mnzawo. Kadziphatike kwa mmodzi, uzimutsukira mapulagi ndi kabuleta mpaka ayambe kukusiyira injini.

Amalume akakana ulendo woyamba, usakwiye n'kuwatuluka m'nyumba. Papite mwezi, kenako upemphe agogo kapena wamkulu wina wa mbumba yanu kuti akhalepo pokambirananso. Undilembere zimene akayankhe.

Azakhali