Gas block yosinthika: yambani mwayeza mpope wanu

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, paja safunsa anadya phula. Mwati mukumanga mfuti yanu yoyamba ya AR-15 konkuno ku Indiana, ya mpope wa mainchesi 16, yoti muzikawombera nayo chandamale Loweruka, ndipo mapepala a suppressor, chida chochepetsa phokoso la mfuti, mwatumiza kale ku ATF, nthambi ya boma la America yoona za mfuti. Funso lanu ndi lakuti mugule gas block yosinthika iti (kachitsulo kokhala pa mpope kolandira mpweya woyendetsa mfuti), nanga ikufunikadi kapena ayi.

Pakanapanda suppressor imeneyo ndikanakuuzani kuti ndalamazo mugulire zipolopolo. Mpope wa mainchesi 16 wokhala ndi gas ya mid-length (kapaipi ka mpweya kotalika mwapakatikati), wopangidwa ndi kampani yodziwa ntchito yake, umayenda bwinobwino ndi gas block wamba, ndipo chinthu chopanda posinthira sichingamasuke chokha. Koma poti suppressor ikubwera, nkhani yasintha.

Mfuti imeneyi, monga anaikonzera Eugene Stoner ku ArmaLite m'zaka za m'ma 1950, imadziyendetsa ndi mpweya wa onga wake womwe. Pamwamba pa mpope pali kabowo kakang'ono. Chipolopolo chikangopitirira kabowoko, mpweya wina umakwera, kulowa mu gas block, kudutsa m'kapaipi kubwerera kumbuyo, n'kukakankha bolt carrier, chitsulo chonyamula bolt imene imatseka kumbuyo kwa mpope, kuti itaye khoko ndi kutenga chipolopolo china. Suppressor imachedwetsa mpweya kutuluka kutsogolo, ndiye wambiri umabwerera kumbuyo. Bolt imathamanga mopyola muyezo, zitsulo zimatha msanga, m'kati mumadzaza mwaye, ndipo utsi umakulowani m'maso mpaka misozi. Ntchito ya gas block yosinthika ndi kuchepetsa mpweya umenewu. Dziwani kuti imangochepetsa basi. Ngati kabowo ka pa mpope n'kochepa kale, palibe gas block ingakuwonjezereni mpweya.

Musanayang'ane dzina la kampani, tengani caliper, chida choyezera kunenepa kwa zitsulo, muyeze pamene gas block imakhala pa mpope wanu. Mipope yambiri imakhala 0.750 ya inchi, yopyapyala ija amati pencil imakhala 0.625, yonenepa imafika 0.875 kapena 0.936. Musadalire zimene munamva, yezani. Kenako onani m'kati mwa handguard yanu, chovindikira mpope chija mumagwirapo ndi dzanja, ngati muli malo. Gas block yogwira ndi clamp imagwira mpope mofanana mbali zonse, koma ndi yotukuka pansi, ndipo mu handguard zowonda imakhudza. Ikakhudza, mfuti imayamba kumwaza zipolopolo inu osadziwa chifukwa. Ya set screw ndi yowonda, koma imafuna kuti pa mpope pakhale kadzenje kolowamo nsonga ya sikuluu. Mipope ina imabwera kadzenjeko kalipo kale. Ngati palibe, pitani kwa gunsmith, mmisiri wa mfuti, akakuboolereni ndi jigi yolozera pobowola, musayese ndi diso.

Tsopano pamene pagona nkhani ndi pa kosinthira penipenipo. Yoyamba imene ndinagula ine inali yotchipa, yopanda dzina lodziwika, ya sikuluu imodzi yosinthira ndi ina yotsekera kuti isayende. Miyezi yoyamba inkagwira ntchito. Koma pamalo amenewo pamapsa kwambiri ndipo mwaye umauma ngati simenti. Tsiku lina nditafuna kuitsegula pang'ono, sikuluu inakana, kiyi wa Allen anangozungulira m'mutu mwake n'kuwononga mutuwo. Ndinachita kumasula handguard, kuchotsa zonse, n'kuyambiranso. Chinandipweteka si ndalama ayi, koma tsiku lonse limene ndinakonza kuti ndiphunzitse mnzanga kuwombera linapita pachabe.

N'chifukwa chake ndikuti gulani yodumpha ndi ma click, yosinthira kutsogolo, kuti kiyi wautali azilowa kudzera kukamwa kwa handguard. Ma click amakuthandizani kuwerenga. Mukhoza kulemba m'kabuku kuti ndi suppressor ndi mwakuti, popanda suppressor ndi mwakuti, n'kumabwerera pomwepo osaganizira. Sentry ya SLR Rifleworks ndi ya mtundu umenewu, ndipo anthu ambiri owombera mipikisano amaidziwa. Superlative Arms inabwera ndi nzeru ina: m'malo mongopanikiza mpweya, imatha kutaya wotsalawo kutsogolo kwa gas block, kotero kuti mwaye ndi kutentha kobwerera kumbuyo zimachepa. Kwa munthu wa suppressor ngati inu, imeneyi ndi imene ndingaike patsogolo. Iliponso ya Riflespeed yokhala ndi chogwirira chopotokola ndi dzanja popanda kiyi. Ndi yabwino kwa amene amavula ndi kuvala suppressor kawirikawiri, koma ndi yodula, ndipo muyenera kusankha kutalika kwake molingana ndi handguard yanu kuti chogwiriracho chituluke kunja.

Iliyonse imene mungasankhe, muziipotokola uku ndi uku mukamaliza kuwombera, mfuti mutaichotsa zipolopolo ndipo yazizira, n'kudonthezapo mafuta pang'ono. Pa sikuluu zogwira mpope ikani chomata masikuluu chotchedwa Rocksett, chifukwa Loctite wamba wabuluu sapirira kutentha kwa pamenepo. Koma pa sikuluu yosinthira musaikepo chomata chilichonse.

Poitchuna musapupulume, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani chipolopolo chimodzi chokha mu magazini, gas mutaichepetsa kwambiri. Womberani. Ngati bolt sinatsale kumbuyo, tsegulani click imodzi, ikaninso chimodzi, womberaninso, mpaka bolt iyambe kutsala kumbuyo nthawi zonse magazini ikatha. Mukafika pamenepo musaime. Onjezerani click imodzi kapena ziwiri. Ambiri amalakwitsa apa pofuna kuti mfuti izikankha mofewa kwambiri. Amaitchuna mu July kukutentha, mfuti ili yoyera, ndi zipolopolo zamphamvu za 5.56, kenako mu January kukuzizira kwa kuno, mfuti yadetsedwa, aika zipolopolo zofooka za .223, imayamba kukana kutenga chipolopolo chachiwiri. Tchunirani pa zipolopolo zofooka kwambiri zimene mumagula. Onaninso kumene makoko akugwera. Mukayerekeza kuti kukamwa kwa mfuti ndi 12 koloko, makoko azigwera cha pa 3 kapena 4 koloko. Akamagwera kutsogolo, cha pa 1 kapena 2, mpweya ukadali wochuluka.

Buffer, chitsulo cholemera chokhala kumbuyo kwa bolt carrier, isiyeni momwe ilili pamene mukutchuna. Mukasintha buffer kuchoka pa yopepuka ya carbine kupita pa yolemera ya H2 tsiku lomwelo limene mukusintha gas, simudzadziwa chimene chakonza kapena chawononga.

Ndinenenso izi chifukwa cha abale athu amene angofika kumene. Amene ali pa viza ya sukulu kapena yocheza, lamulo la boma la America silimulola kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula njira zochepa monga kukhala ndi layisensi yosakira nyama. Funsani loya musanagwire chilichonse. Ndipo tizitsulo timeneti, ngakhale gas block yokwana m'chikhatho, sitiikidwa m'sutikesi popita kumudzi. Kutulutsa zida za mfuti kunja kwa America kumafuna chilolezo cha boma.

Mukayeza mpope uja, mundiuze nambala yake pamodzi ndi dzina ndi kutalika kwa handguard yanu, tidzaone limodzi ngati ya clamp ingalowe kapena mutenge ya set screw.