Chinachotsa Kenny Dalglish pa Anfield mu 1991

Achimwene ena andilembera imelo kufunsa kuti: ngati Kenny Dalglish ankaikondadi Liverpool, bwanji anatula pansi udindo wa uphunzitsi mu 1991 timu ili pamwamba pa ligi? Kumeneko si kuthawa nkhondo?

Ayi achimwene, mawu oti kuthawa ndikuwakana.

Mwana wa ku Glasgow ameneyu anakulira m'manja mwa mphunzitsi Jock Stein ku timu ya Celtic. Liverpool inamugula mu 1977 pa mapaundi 440,000 kuti atseke dzenje lomwe anasiya Kevin Keegan, ndipo chaka chotsatira ndi iye anagoletsa chigoli chokhacho pa Wembley pogonjetsa Club Brugge, chikho cha ku Ulaya n'kutsala ku Anfield, bwalo la Liverpool. Scotland anaisewerera masewero 102, zigoli 30. Mu 1985 anamupatsa uphunzitsi akumenyabe mpira. Mu 1986 anadzisankha yekha kulowa m'bwalo la Chelsea, kuulandira mpira pachifuwa, kuuponya mu ukonde, ligi n'kukhala yawo. Chikho cha FA anatenganso chaka chomwecho.

Koma yankho lanu lili pa 15 April 1989 ku Hillsborough, mumzinda wa Sheffield. Ochemerera Liverpool anapanikizana kumpanda wa waya pa masewero awo ndi Nottingham Forest, ndipo onse omwe ngoziyi inawatenga anafika 97. Dalglish anaona zonse ndi maso. Zitatero iye ndi mkazi wake Marina anayenda maliro ndi maliro, tsiku lina anayi, kukhala pansi ndi anamfedwa, kutumiza osewera ake kukapepesa kumene iye sakanafika. Amene munakhalapo pasiwa usiku wonse mukudziwa mmene maliro amodzi okha amathyolera thupi. Nanga ochuluka chotere, kwinaku Loweruka lililonse anthu akufuna chipambano?

Anapirirabe mpaka kutenga ligi ya 1990. Ulusi unaduka mu February 1991, Liverpool itatsogola kanayi pa Goodison Park, Everton n'kubweza kanayi konse, masewero n'kutha 4-4. Patapita masiku awiri anauza atolankhani kuti wasiya. Munthuyo anali atatopa mpaka m'mafupa, ndipo ine sindimuweruza ngakhale pang'ono.

Atapuma miyezi ingapo anatenga Blackburn Rovers ili mu ligi yachiwiri, n'kuikweza mu 1992. Ndi ndalama za mwini timu Jack Walker komanso zigoli za Alan Shearer, timuyi inatenga Premier League mu 1995. Tsiku lomaliza la ligiyo Blackburn inkasewera pa Anfield pomwepo, inagonja 2-1, koma Manchester United italephera kugonjetsa West Ham, ochemerera Liverpool anaimirira n'kumuombera m'manja Kenny wawo.