Dola ikadula ku America, geni yooda katundu kunja imayenda bwanji?

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kutenga ngongole kubanki kuti mukaode katundu ku Joni, komanso chifukwa chimene mabanki amavutira kupereka ndalama zakunja. Nkhani yake imayambira kutali, ku Washington.

Banki yaikulu ya ku America, Federal Reserve, inayamba kukweza chiwongoladzanja mu Malichi 2022, kuchoka pafupifupi pa ziro mpaka kufika pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti mu Julaye 2023. Eni ndalama akaona kuti dola ikubereka bwino kwawo komweko popanda chiopsezo, amaleka kubwereketsa kumaiko ngati athu. Mabanki athu sapanga dola. Amaipeza kwa ogulitsa fodya, tiyi ndi shuga kunja, kwa mabungwe othandiza, komanso kukongola kumabanki akunja amene amawatsimikizira malipiro a katundu. Mabanki akunjawo akachepetsa ngongole kapena kukweza mtengo wake, dola yochepa yotsalayo imayamba yapita kumafuta, feteleza ndi mankhwala. Wa mabulangete ndi nsapato amadikira kumapeto kwa mzere. Vuto lathu la dola lili ndi zifukwa zakezake za kuno, poti timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa, koma za ku America zimalikulitsa.

Kenako kwacha imagwa. Inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wa madola 2,000 amene ankafuna K2.36 miliyoni anayamba kufuna K3.4 miliyoni tsiku limodzi. Amene anakongoza makasitomala pamtengo wakale anatolera ndalama zosakwana kukaodanso. Apa ndi pamene mpamba umathera, ngakhale buku likuonetsa phindu.

Reserve Bank of Malawi nayo inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 12 peresenti mpaka 26 mu 2024, ndipo banki yanu imawonjezerapo yake. Tiyerekeze mwakongola K3 miliyoni pa 30 peresenti pachaka: mwezi uliwonse K75,000 ikupita kuchiwongoladzanja chokha, katundu asanachoke pashelefu. Ndiye ngongole ya kubanki iyenera katundu wotha m'masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Wokhalitsa, monga mipando, gulani ndi ndalama zanu. Za katapila musaziganize n'komwe.

Mtengo wogulitsira muziwerengera pa ndalama imene mudzagulire randi paulendo wotsatira, osati imene munagulira paulendo uno. Onjezani mtengo wa basi, ndalama yolipirira katundu m'basimo, viza yodutsira ngati ikufunika, ndi msonkho wa MRA pa Mwanza kapena Dedza. Risiti ya kubanki kapena ku bureau muziisunga pamodzi ndi pasipoti, chifukwa ndalama zakunja zogula kwa mavenda zopanda pepala zimatha kulandidwa pachipata.

Ngati randi yasowa, yang'anani ku Chipata, m'dziko la Zambia, kudzera pa Mchinji. Ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, imalola katundu wosapitirira mtengo woikika kulowa wopanda msonkho wa pachipata, bola akhale wopangidwa m'dziko lomwelo ndipo ali pamndandanda wogwirizana, ngakhale VAT imalipidwabe. South Africa ndi Tanzania sali mu COMESA, choncho katundu wa ku Johannesburg ndi kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam sakhudzidwa ndi mwayi umenewu.